Funsani za m'situdiyo: nyimbo yanga itangolowa kondakitala anafunsa ngati wailesi yafa

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, kaya ndi chisanu cha Juni chakutsekerani m'nyumba nde mwayamba kumvetsera nyimbo zanu mwachifatse kkkk. Ndasankhapo anayi poti onse akukamba za voliyumu, ena ndawadulako pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Achimwene, ine ndine mnyamata wa pa Lizulu, ndimapanga ma beat pa pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio ndipo ndajambulako anzanga angapo kuchipinda kwanga konkuno. Nyimbo ikatha ndimaimva bhobho pa ma headphone, koma tsiku lina ndinapatsa adiraiva a minibasi yopita ku Lilongwe fulashi kuti andiyikire, itangotha amapiano ya ku Joni n'kubwera yanga zinangokhala ngati wina watsitsa voliyumu, mpaka kondakitala kufunsa kuti wailesi yafa kodi? Ndinachita manyazi heve. Nditabwerera ndinakweza limiter mpaka mapeto, pano ikumveka mokweza ndithu koma besi ikuchita phwerrr, ng'oma sizikumenyanso, woyimba akumveka ngati akuyimbira m'chitini. Kodi anzathu akunjawa amatani kuti zawo zizikwera osang'aluka? Wa pa Lizulu.

YANKHO: Mphwanga, pepa ndi za kondakitalayo, anthu amenewa pakamwa pawo palibe buleki. Funso lako ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi lomwe limazunguza pafupifupi mnyamata aliyense amene ali ndi laputopu ndi maiki.

Iwe ndi wa pa Lizulu, ndowa ya mbatatesi ukuidziwa. Amayi aja pamsika amathira mpaka kudzaza kenako n'kusanjikiza kaphiri pamwamba kuti wogula akopeke. Fayilo ya nyimbo mu kompyuta nayo ndi ndowa, mlomo wake ndi pamene mita yoyeza kukwera kwa mawu yalemba 0 dB (dB ndiye muyeso wake), kusiyana kwake n'koti kompyuta silola kaphiri, chilichonse chodutsa pamlomo imachisadza ndi chikwanje. Kusadzako ndi kumene amati clipping, ndi phwerrr ukumva uja.

Tsono chodabwitsa n'choti nyimbo yako yoyamba ija, yomwe inakuchititsa manyazi, mwina nayo inkafika pamlomo ndithu, kick, ng'oma yaikulu ija, ikamenya mita inkagunda pa 0 chimodzimodzi amapiano ija. Koma khutu la munthu silitengera kamphindi kamene kick yamenya, limatengera mmene ndowa yadzazira nthawi yonse. Yako inali ndi mbatatesi ziwiri zitatu zazikulu zosuzumira pamwamba koma pansi pali mpata, ya ku Joni ndi yodzaza thothotho. Mtunda umene uli pakati pa pomwe nyimbo yakwera kwambiri ndi pomwe yatsika ndi umene amautcha dynamic range, ndipo limiter ntchito yake ndi kufupikitsa mtunda umenewu, imapondereza pansi mitu, mbatatesi zosuzumira pamwamba zija, kuti upeze malo okwezera zonse pamodzi.

Ndi zomwe amachita kondakitala wako uja. Mpando wa anthu atatu amakhazikapo anayi, zimatheka, anthu amang'ung'udza koma amafika. Akati asanu palibenso wopuma, wina mwendo wachita dzanzi. Iwe wakhazika asanu ndi mmodzi n'kuwasanjikiza thumba la kabichi. Ndipo zoyamba kufa ndi ng'oma chifukwa kumenya kwa kick ndi snare ndi mitu yomweyo limiter ikupondayo, nde usadabwe kuti sizikumenyanso.

Choyamba leka kudalira mita ya FL Studio ija, imakuuza za mitu yokha. Pali muyeso wina wotchedwa LUFS, unachokera ku ndondomeko ya mu 2006 ya ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mawailesi, umayeza moyandikira mmene khutu limamvera kukwera kwa mawu. Saka pulagini, kapulogalamu kowonjezera mu FL, ya Youlean Loudness Meter, ili ndi mtundu waulere, uyiike kumapeto kwenikweni kwa master, channel yomwe mawu onse amadutsamo pomaliza, uyilize nyimbo kuyambira poyamba mpaka pothera n'kuwerenga nambala ya integrated, yomwe ndi ya nyimbo yonse. Manambala ake ndi a mayinasi nde usasokonezeke, -8 ndi yokwera kuposa -14. Ukatero tenga amapiano inakuchititsa manyazi ija uyiponye mu FL momwemo uyiyezenso. Nyimbo za dansi zambiri zomwe ine ndayezapo zimagwera pakati pa -10 ndi -7, nde ngati yako yoyamba inali cha m'ma -16 kusiyana kwake mu minibasi yoti injini ikulira ndi kwakukulu, poti 10 dB khutu limaimva ngati wawirikiza kawiri.

Nanga iwowo amafika bwanji pa -8 osang'aluka? Apa nde pamene anyamata ambiri safuna kumva. Alibe limiter yamatsenga, kukwera amakupanga pomanga beat ndi pa mix, posakaniza mawu ndi zida zonse, limiter imangomalizitsa. Tamvetsera amapiano ija bwinobwino uwerenge zinthu zomwe zikulira nthawi imodzi, upeza ndi zochepa, log drum ikalowa zinazo zimapatuka. Ma beat ambiri amene achinyamata amanditumizira amakhala ndi makiyibodi atatu, gitala, ma pad, besi ya 808, kick, timabelu, zonse kulira limodzi kuyambira sekondi yoyamba ngati tsiku la msika, aliyense kuitanira malonda ake palibe akumveka.

Chimene chimadya malo kwambiri mu ndowa ndi besi. Mawu apansi amafuna mphamvu zambiri koma khutu limawamva pang'ono. Izi anaziyeza kalekale mu 1933 akuluakulu awiri, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, ku Bell Labs ku America, anapeza kuti khutu lathu limamva msanga mawu a cha pa 2000 mpaka 5000 Hz (Hz ikachepa ndi mawu apansi ngati besi, ikachuluka ndi apamwamba), pomwe apansi kwambiri amafunika akwezedwe zedi kuti amveke mofanana. Nde iwe ukakweza 808 pa ma headphone kuti igwedeze mutu, limiter ikuona chimbatatesi chachikulu n'kupondereza nyimbo yonse nthawi iliyonse besi yalowa, pomwe tisipika ta mu minibasi ndi ta pa foni mawu amenewo sitiwatulutsa n'komwe. Wataya malo pa chinthu choti palibe achimve.

Dula zapansi pa chilichonse chomwe si kick kapena besi. Pa mawu a woyimba kuyambira cha pa 80 kapena 100 Hz kutsika pansi palibe cha nzeru, muli mphepo ya pakamwa ndi kugunda kwa ma thiraki a pa M1 basi. Pa besi penipeni zomwe zili pansi pa 30 Hz chotsa. Kick ndi besi zisamalimbirane, ina ikamenya inzake izipatukako pang'ono, ndi sidechain ija mumaiopa. Ngati ukufuna besi izimveka pa tisipika ting'onoting'ono ipatse saturation pang'ono, imabereka timawu tapamwamba timene foni imatha kutulutsa, khutu n'kumamalizitsa lokha zotsalazo. Compressor, mbale wake wa limiter wopondereza mofatsa, uziigwiritsa ntchito pang'onopang'ono malo angapo, 2 dB pa mawu, 2 dB pa ng'oma zonse pamodzi, kusiyana ndi kusenzetsa limiter katundu yense. Kwa ine limiter ikamadula kupitirira 3 kapena 4 dB ndimabwerera ku mix, ndimadziwa kuti kuli china sichili bwino kumeneko.

China, FL Studio ukatsegula pulojekiti yatsopano kawirikawiri pa master pamakhala pali kale Fruity Limiter, ambiri sadziwa, amangokweza ma channel mpaka kufiira iyo ili jijirijijiri kupondereza osawauza. Ithimitse pomwe ukupanga mix, mitu izifika cha pa -6 dB, malo otsalawo ndi a mastering, ntchito yomalizitsa nyimbo mix ikatha.

Uchenjerenso ndi khutu lako lomwe, ndi labodza, chilichonse chokwerako pang'ono limati ndi chokoma. Ine ndinamuchitapo chipongwe woyimba wina amene ankangoti mix sinafike, sinafike, ndinamuyikira yomweyomweyo nditangokweza 1 dB osasintha kanthu, anadumpha pampando amvekere eyaa iyi nde yake, mwakonza chani? Sindinamuuze mpaka lero. Nde ukamafananiza ya limiter ndi yopanda, kapena yako ndi ya ku Joni, uzizitsitsa zifanane kaye pa LUFS kenako uweruze. Nthawi zambiri upeza yomwe unkaiona ngati yofooka ndi yomwe ili ndi moyo. Komanso usamapange mix maola asanu osapuma ma headphone ali pa mapeto, khutu limatopa n'kuyamba kupempha zowonjezera, zomwe wakonza 2 koloko usiku mmawa ukazimva udzadabwa kuti ndani wagwira kompyuta yako. Tsitsa voliyumu mpaka poti ungacheze ndi munthu osakuwa, ngati pamenepo mawu ndi snare zikumveka ndiye kuti zili bwino, kenako itumize pa foni uyimvere panja.

Ceiling ya limiter, mlomo umene siilola mitu kudutsa, usaike pa 0, ika pa -1 dB ndipo ngati ili ndi batani la true peak, logwira ndi mitu yomwe mita wamba siiona, liyatse. Nyimbo zathu kuno sizikhalitsa mu WAV, fayilo yaikulu ya m'situdiyo ija, zimasanduka MP3, zimapita kwa obena nyimbo, wina aika pa status ya WhatsApp, ndipo posinthasintha chonchi mitu ija imakwerako pang'ono, ngati unali pamlomo penipeni yatayikira.

Ndikanakhala iwe ndikanalinga pa -10 kapena -9 LUFS pa nyimbo yovina. Mu minibasi idzatsikirako pang'ono poyerekeza ndi ya -7 koma adiraiva adzangogwira kabatani, ndipo ikakwera idzamenya. Yong'aluka ija akakweza imabaya m'makutu, amaidumpha.

FUNSO: Bambo, ndine mlembi wa kwaya ina kuno ku Bembeke, tilipo anthu 32. Tinasonkha ndalama chaka chathunthu, ena kugulitsa mbatatesi ena nyemba, n'kupita kukajambula ku situdiyo ina ku Lilongwe. Pali nyimbo imodzi ya pa maliro yomwe timayamba chapansipansi amayi okhaokha, abambo amalowa pa ndime yachiwiri, pothera tonse timakweza mpaka anthu mu tchalitchi amagwetsa misozi. Koma yomwe atipatsa yonse ikumveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, poyamba paja mpweya wathu ukumveka fuu fuu, ngakhale pepala lomwe wina ankatembenuza likumveka, pothera pomwe timayembekezera kuti pakwere sipakukwera. Titafunsa apulodyusa akuti imeneyo ndiye mastering, popanda kutero mawailesi saiyika. Ife si odziwa za makina, kodi ndi zoona? Mayi wa ku Bembeke.

YANKHO: Amayi, makutu anu sakukunamizani, ndipo musamadzichepetse kuti si odziwa makina, vutolo mwalifotokoza bwino kuposa mmene anyamata ambiri a m'situdiyo angalifotokozere. Chachitika n'choti apulodyusa atenga zomwe amachita pa nyimbo za dansi n'kuziika pa kwaya. Compressor ndi limiter zikapanikizidwa kwambiri zimatsitsa pokwera, kenako zonse n'kukwezedwa pamodzi, ndipo makina sasiyanitsa mawu a soprano ndi phokoso la pepala, chilichonse chapansi amachinyamula. N'chifukwa chake mpweya ukumveka fuu fuu pomwe pothera paja pagona.

Pa nyimbo ngati yanuyo kutsika ndi kukwerako ndi uthenga womwewo, misozi ija imabwera chifukwa anthu ayenda nanu kuchokera pansi paja. Amene anaonerapo ngoma ya Angoni pa Nkolimbo ku Ntcheu akudziwa, mwendo ukakwera m'mwamba pamakhala kabata kakang'ono kenako dii pansi, fumbi koboo, mtima umagunda chifukwa cha kabata kaja. Atati azingoponda osalekeza bwenzi lili phokoso la chigayo basi.

Ndipo sikuti malo ndi ochepa. CD, yomwe inatuluka mu 1982, ili ndi mtunda wa pafupifupi 96 dB pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa, wokwanira kunong'ona ndi kufuula mu nyimbo imodzi. Kungoti kuyambira zaka za m'ma 1990, ma limiter a pa kompyuta atabwera, makampani a nyimbo kunja anayamba mpikisano woti yanga imveke kuposa ya mnzanga, mpaka eni ake anaupatsa dzina loti loudness war, nkhondo ya voliyumu. Ife tinangotola chizolowezicho osafunsa kuti chinayamba bwanji.

Za wailesizo apulodyusa aphonya. Nyumba zoulutsira mawu pa FM zimakhala ndi makina awoawo, odziwika kwambiri ndi Optimod a kampani ya Orban, amene amapanikiza chilichonse chisanapite pa mphepo kuti nyimbo, nkhani ndi malonda zizimveka mofanana. Nyimbo yotsika amaikweza okha. Yomwe yabwera yophwanyidwa kale siikwera kuposa zinzake, imangophwanyidwa kachiwiri. Ku Ulaya mpaka nyumba zoulutsira mawu zinagwirizana mu 2010 muyeso wotchedwa EBU R128 woti mapulogalamu azikhala pa -23 LUFS, wotsika kwambiri kuposa zomwe zimatuluka m'masitudiyo athu. Nde zoti wailesi ingakane kwaya chifukwa yayamba mofatsa, ine sindinazionepo.

Komabe ndisawaweruze kwambiri bambowo, ali ndi kamfundo kawo. Anthu ambiri adzamvera nyimbo yanu pa foni, kapena pa kawailesi kukhitchini nkhuni zikuthetheka ana akusewera pakhomo, mukasiya poyamba paja pansi kwambiri ngati mmene mumayimbira mu tchalitchi muli zii, sipadzamveka, munthu adzakweza voliyumu kenako abambo akalowa n'kudzidzimuka. Nde kufupikitsako mtunda n'kofunika, koma kumachitika ndi dzanja, amati automation, pulodyusa amakweza ndime yoyamba yokha mwina 3 kapena 4 dB, yachiwiri pang'ono, pothera osakhudza, makwerero aja amakhalapobe kungoti afupikirako. Zimadya nthawi, uyenera kukhala pansi kumvetsera mzere ndi mzere, pomwe limiter ndi kungopotokola kamodzi, mukuona chifukwa chake ambiri amathamangira komweko.

Chochita, musatengere fayilo mwapatsidwayo kwa munthu wina kuti akaikonze, sizitheka, ufa subwerera kukhala chimanga. Bwererani kwa apulodyusa omwewo mwaulemu pulojekiti ikadali mu kompyuta mwawo, muwapemphe akuyikireni mix isanapite ku mastering mumve. Ngati makwerero alimo apangenso mastering yofatsa, muwauze kuti cha pa -16 mpaka -14 LUFS, amva zimenezo. Mupite awiri kapena atatu pamodzi ndi oyimbitsa kwaya, osati gulu lonse, anthu 32 aliyense n'kumati mawu anga sakumveka simudzatulukamo m'menemo. Mupemphenso mix yopanda mastering ija mu WAV musunge pa fulashi, ndi katundu wanu. Ulendo wina muzigwirizana musanalipire gawo lomaliza kuti kukonzanso kamodzi kapena kawiri kuli momwemo.

FUNSO: Biggie, ine ndili pa Dedza boma. Ndinauza ondipangira mastering kuti ndikufuna ikwere kuposa ya aliyense, anandipatsa ya -6 LUFS, pa fulashi imagonjetsadi zonse. Koma pa YouTube ikumveka kang'onong'ono mpaka nyimbo zakale za mabandi zikuiposa. Mnzanga akuti lamulo ndi -14. Ndalama zanga zalowa m'madzi eti? Woyimba wa pa Dedza.

YANKHO: Achimwene, YouTube sinakuchitireni kaduka, imatero kwa aliyense. Iwo, Spotify ndi Apple Music amayeza nyimbo iliyonse n'kutsitsa zokwera kuti womvera asamavutike ndi kabatani. Spotify imaika pa -14 LUFS ngati munthu sanasinthe ma setting, YouTube nayo cha pomwepo, Apple Music cha pa -16. Nde yanu ya -6 aitsitsa ndi 8 dB yathunthu. Mukhoza kuziona nokha, pa kompyuta dinani batani la kumanja pa vidiyoyo musankhe Stats for nerds, pa mzere wa voliyumu pakuonetsani kuti aitsitsa bwanji. Tsono taganizani, kuti mufike pa -6 munapereka ng'oma zanu nsembe, iwo akutsitsani, voliyumu yapita koma ng'oma sizinabwerere. Ya bandi yakale ija mitu yake ilipo yonse, pa -14 pomwepo snare yake ikutumphukira pamwamba pa yanu, nde imamveka yaikulu.

Koma mnzanuyo naye wawonjeza, -14 si lamulo, palibe amakana nyimbo chifukwa ili pa -10, amangoitsitsa 4 dB basi ndipo ngati ikumenya bwino imamvekabe bwino. Musaiwalenso kuti kwathu kuno nyimbo zambiri sizidutsa pa Spotify, zimayenda pa memori khadi, kugawana pa Bluetooth, m'mabala, mu minibasi, kumene kulibe woyeza, mnyamata wa pa Lizulu uja waziona. Azungu amene amalalikira -14 pa mavidiyo a pa intaneti sanakwereko minibasi yotsika ku Golomoti. Ena amapanga ma master awiri, ina ya pa intaneti ina ya ma DJ, si kulakwa koma ine ndimaiona ngati ntchito yongowonjezera, imodzi ya -10 kapena -9 yosang'aluka imayenda konse. Spotify imalangiza kuti master ikakhala yokwera kuposa -14, true peak ikhale pa -2, nde ngati mukuiponya kumeneko muwauzenso zimenezo akukupangiraniwo. Za ndalamazo, theka lalowadi m'madzi, koma munapempha nokha kkkk. Mix ikadalipo, apempheni akuchitireni chifundo pa mtengo.

FUNSO: Ine ndimayimbitsa m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuyambira pa Kampepuza mpaka ku Tsangano, zida ndi zanga. Chaka chino chokha ndapsereza ma tweeter, tisipika ta mawu apamwamba tija, kawiri. Nyimbo za pa fulashi zina ndi zokwera zina zotsika nde ndimangosiya mixer pa red kuti zonse zimveke. Komanso masiku ano ndikaweruka m'khutu mumalira tswiii mpaka mmawa. Ndigule amp yaikulu? DJ wa pa Kampepuza.

YANKHO: Madala, amp yaikulu siikupulumutsani. Mukawirikiza mphamvu ya amp, kuchoka pa 500 watts kufika pa 1000, mumapindula 3 dB yokha, kuti anthu amve ngati mwawirikiza voliyumu pamafunika mphamvu kakhumi. Chikupsereza ma tweeter ndi red yo. Mixer ikafiira ndiye kuti ikusadza mitu, mawu osadzidwa amabereka zapamwamba zokanda ndipo sipika sipeza mpata wozizira, kawaya ka mu tweeter n'kopyapyala ngati tsitsi, kamatentha n'kuduka. Onjezani kuti nyimbo za masiku ano zimabwera zopanikizidwa kale, zilibe popumira. Batani la gain pamwamba pa channel analiikira vuto lanulo, nyimbo iliyonse isanalowe muziimvera kaye pa headphone, yokwera muitsitse yotsika muikweze mpaka magetsi azivina pa green n'kumangogunda yellow. Ngati mukuyimbira pa laputopu, VirtualDJ ili ndi auto gain, iyatseni.

Koma za khutuzo nde zandidetsa nkhawa kuposa ma tweeter, poti tweeter mukagula ina ku Lilongwe. Kulira tswiii kuja madokotala amati tinnitus, ndi chizindikiro choti timaselo ta mkati mwa khutu tapwetekedwa, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la NIOSH, loona za umoyo wa anthu pa ntchito ku America, limati pa 85 dB munthu asapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo muidule pakati, nde 88 ndi maola 4, 94 ndi ola limodzi, 100 ndi mphindi 15 zokha. Pafupi ndi masipika a pa ukwati 100 imakwana mosavuta, inu mumakhalapo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, Loweruka ndi Lamulungu. Tebulo lanu muziliika kumbuyo kwa masipika kapena cha m'mbali, osati kutsogolo, gulani timapulagi ta m'khutu tija amavala a m'mafakitale, ndipo ngati kulirako kwayamba kumatha masiku osasiya pitani kuchipatala akakuoneni. A MC aja amene amameza maiki nthawi ya perekaniperekani, channel yawo ndi yomwe ikufunika limiter kuposa nyimbo zonse, muwaikire mwakachetechete osawauza.